Khomo Tinayeza ndi Zigongono

Nyumbayi idali sitolo ya nsalu,
kenaka mosungira thonje, kenaka ya mileme.
Tsiku lomwe ndinaswa loko wadzimbiri
fungo la madzi akale linandichingamira pakhomo,
ndipo pakhoma panali mzere wodera, wolekeza m'chiuno,
pomwe Shire adasainapo dzina lake
chaka chomwe adalowa mu Bangula usiku osaodira.

Mmisiri Alufandika anati tiupake laimu uzimirike.
Ndinakana.
M'munsi mwake pakani mtundu wa dothi la makande,
m'mwamba mwake moyera ngati thonje la ku Ngabu,
koma mzerewo musaukhudze.
Wodya adziwe kuti wakhala pomwe padasambira milamba.

Matebulo ndi asanu basi.
Lachisanu ndi chimodzi likadalowa,
koma njinga ya achimwene anga a Zuze sikadatembenuka.
Chiwalandireni ng'ona mwendo ku dambo kuja
akhala akudyera panja m'malesitilanti onse a pano,
mbale pantchafu, ntchentche zili ng'waa,
poti masitepe atatu kwa munthu wa panjinga
ndi chikweza cha ku Thyolo.

Ndiye masitepe tinagumula.
Alufandika anathira simenti motsetsereka,
a Zuze n'kukwera, n'kubwerera chambuyo,
akutukwana m'Chisena cha agogo awo.
Tinaswa. Tinathiranso. Matumba awiri anapita choncho,
mbuzi yanga yamawanga inapita nawo.
Kachitatu anakwera ndi dzanja limodzi,
linalo atagwira kapu ya tiyi, osatayika ndi dontho lomwe.
Khomo sitinayeze ndi tepi,
tinayeza ndi zigongono zawo,
n'kuwonjezera chikhatho chimodzi cha ulemu.

Bwato lawo lija linkawola kuseri kwa khola
talipala, talithira mafuta, lagona chafufumimba.
Pamsana pake ndi pomwe ndidzaika mbale
zomwe Mai Nsayi aumba ku Tengani,
palibe ziwiri zofanana, ndipo sindinadandaule.
Miono itatu yomwe idatopa kudikira nsomba
taipachika kudenga, yakola mababu,
kuwala kukutuluka m'mipata ngati usipa wothawa.
Ayi, usipa ndi wa eni nyanja;
ngati timakakana tating'ono.

Okutobala wa kuno saseka ndi munthu.
Pansi pa malata tayala mabango ndi mikeka ya mlaza,
taboola mawindo awiri oyang'anizana
kuti mphepo ya kumtsinje ilowe, ipereke moni, idutse.
Udzudzu wokha tauikira sefa.
Kuchimbudzi kuli chitsulo chogwirira,
tinakangana za icho masiku anayi
mpaka Alufandika atakhala yekha panjinga ija
n'kutuluka ali chete, thukuta lili kamukamu.

Chakudya sindidzalemba papepala lokha.
Ndidzaima pambali pa tebulo n'kunena pakamwa
kuti wosaona ndi wosawerenga asankhe ngati bwana:
kakana wootcha pamakala, msuzi wa bwemba,
nyika zofewa, mbuzi yogonera m'masau,
phala la malambe lozizira m'kambale kakang'ono.

Ngongole ya banki m'khonde ikundidikira Lachisanu.
Nsalu za patebulo sizinabwere kwa telala.
Mpando umodzi ukutsimphina.

Koma dzulo madzulo, utoto usanaume bwino,
a Zuze analowa okha, popanda wokankha,
nazungulira matebulo onse asanu osagunda ngakhale limodzi,
n'kuima pakona, pomwe mzere uja
ukulingana ndi mapewa awo.
Ndinawaikira mbale yoyamba ya nyumba ino.
Anadya osalankhula. Anati mchere wachepa.
Kenaka analoza khoma ndi fupa la nsomba:
Nanga mwini mzereyu akadzabweranso?

Ndinati masoketi onse ali m'mwamba, achimwene,
ndipo khomo mwaliona nokha kutakata.
Adzalowa, adzazungulira ngati inu,
adzatuluka.
Ife tidzakolopa.